Bwalo Limenelo Amaligwira Ndani?

Bambo anga adali nduna ya anyakwawa a m'mudzi mwathu, m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Ntchito yawo idali yogwira bwalo. Kukabwera mlandu wa malire a munda, wa mbuzi zodya chimanga cha eni kapena wa banja lomwe lagwedezeka, iwo ndiwo ankauza wodandaula kuti ayambe, kuletsa wodandaulidwa kudula mnzake pakamwa, kuitana ankhoswe ndi mboni, kenaka n'kuomba mkota kuti anyakwawa agamule. Sukulu sadapite nayo patali, koma kulemba Chinyanja ndi kuwerenga Baibulo ankatha bwino lomwe. Chingerezi chokha ndicho chidawadutsa pambali.

Amalume atabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni adatisiyira wailesi, ndipo madzulo aliwonse tinkaizungulira pakhonde. Ine ndidali woyamba kufika Sitandade 8 pabanjapo, choncho zikayamba nkhani za m'Chingerezi ndinkasanduka womasulira. Tsiku lina wailesi idanena kuti Nyumba ya Malamulo yakumana ku Zomba ndipo aphungu onse avomereza zomwe boma lidabweretsa. Bambo adachotsa kaliwo pakamwa nati, "Iwe, bwalo limenelo amaligwira ndani? Okhala pamenepowo adawatuma ndani? Nanga akalakwa amawabweza ndani?" Ine ndidangoti kukamwa yasa. Pambuyo pake ndidakhala mphunzitsi wa mbiri yakale kwa zaka zambiri, koma mafunso atatuwa sadandichoke m'mutu. Zomwe ndalemba panozi ndi yankho lomwe ndidalephera kuwapatsa tsiku lija.

Bwaloli silidayambe ndi ife. Dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Mu 1907, chaka chomwe adalitcha Nyasaland, adakhazikitsa khonsolo yopanga malamulo yomwe idakumana koyamba ku Zomba mu 1908. Mamembala ake sadakwane khumi ndipo onse adali azungu. Ena adali akuluakulu a boma, ena adali osankhidwa ndi bwanamkubwa kuti aimire eni minda ikuluikulu ndi amalonda. Wogwira bwalo adali bwanamkubwa yemweyo. Iye ndiye ankabweretsa nkhani, kupereka mpata wolankhula, pomaliza n'kusainira lamulo. Pofuna kuti anthu akuda asaoneke oiwalika, ankaikamo mmishonale mmodzi woti aziwalankhulira. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi Robert Laws wa ku Livingstonia adakhalapo pampando umenewu. Mwina adali ndi mtima wabwino ndithu, koma palibe munthu wa ku Visanza, monga kuno kunkatchulidwira, amene adawatuma.

Komatu malamulo a bwalo limenelo ankafika mpaka m'minda mwathu. Mu 1926 adakhazikitsa bungwe loyang'anira fodya wa anthu akuda, lomwe linkalemba alimi m'kaundula ndi kulamula misika yogulitsira, ndipo omwe adalimva kuwawa kwambiri adali alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa. Mu 1946 lidabwera lamulo lomwe lidabala zomwe makolo ankazitcha malimidwe, zokakamiza mizere yopingasa ndi migula, wolephera n'kumulipitsa chindapusa kapena kumutsekera. Bambo ankati mizereyo payokha idali yabwino m'mapiri ngati athuwa momwe mvula imakokolola nthaka, koma anthu adaida chifukwa idabwera ndi amesenjala popanda wowafunsa eni minda.

Anthu akuda awiri oyamba, Ellerton Mposa ndi Alexander Muwamba, adalowa m'khonsoloyi mu 1949. Pofika 1956 mipando yawo idakwana isanu, ndipo makhonsolo a m'zigawo adasankha Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Ralph Chinyama, N.D. Kwenje ndi Dunstan Chijozi. Anthu asanu sakadagonjetsa azungu pa voti. Koma Chipembere ndi Chiume adazindikira kuti chilichonse cholankhulidwa m'nyumbamo chimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo bukulo aliyense ankatha kuligula. Adayamba kufunsa mafunso obaya okhudza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chidakhazikitsidwa mu 1953, ndipo aphunzitsi ndi makalaliki ankagula bukulo n'kumawerengera anzawo. Kwa nthawi yoyamba munthu wakuda adaona bwana akufunsidwa pagulu, n'kukakamizika kuyankha. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 bwanamkubwa adasiya kugwira bwalo, ndipo padabwera udindo wa sipikala.

Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958, mu 1959 kudali chipwirikiti ndi kumangidwa kwa atsogoleri, ndipo pa 15 Ogasiti 1961 kudachitika chisankho. Mipando yovotera idalipo 28, makumi awiri ya kaundula wotsika momwe mudali anthu akuda ambiri, ndi isanu ndi itatu ya kaundula wa anthu achuma. Chipani cha Malawi Congress chidatenga 22. Si aliyense ankaloledwa kuvota. Bambo adalowa m'kaundula chifukwa adali atakhoma msonkho kwa zaka zambiri ndipo ankatha kulemba. Mayi anga, omwe ankalima nawo munda womwewo, adangoimirira patali n'kumaimba nyimbo. Komabe bambo ankalikumbuka tsikulo ngati tsiku la ukwati wawo. Ankati ndi tsiku lomwe adatumapo munthu ku Zomba.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Pa chisankho cha Epulo 1964 mipando 50 idapita ku chipani cha Congress popanda wopikisana, itatu n'kusungidwira azungu. Ufulu udabwera pa 6 Julayi, koma pasadathe miyezi iwiri Kamuzu adasemphana ndi nduna zake pa nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi ndiponso chizolowezi chake chogamula yekha. Adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi maudindo awo. Pa 8 ndi 9 Sepitembala 1964 Nyumba ya Malamulo idakumana ku Zomba, ochotsedwawo adalankhula zakukhosi kwawo, ndipo pomaliza nyumba idavomereza kuti ikumukhulupirirabe Kamuzu. Masiku awiri amenewo ndiwo adali omaliza, kwa zaka pafupifupi 30, kuti phungu atsutse mtsogoleri wa dziko poyera m'nyumbamo n'kubwerera kwawo mwamtendere.

Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala Pulezidenti wamuyaya. Nyumba ya Malamulo idalipobe. Sipikala adalipo, monga Alec Nyasulu, Ismail Surtee ndi Nelson Khonje yemwe adagwira bwalo kuyambira 1975 mpaka 1987. Mikanjo, mapemphero ndi Hansard zonse zidalipo. Koma pa zisankho za 1971 ndi 1976 palibe amene adaponya voti, chifukwa mayina ankachokera ku chipani n'kuvomerezedwa ndi Ngwazi. Kuyambira 1978 anthu adayamba kusankha pakati pa anthu awiri kapena atatu a chipani chomwecho, omwe ankayamba akhoza mayeso a Chingerezi. Pulezidenti ankathanso kuikamo aphungu ena mwa kufuna kwake, ndipo wochotsedwa m'chipani ankataya mpando nthawi yomweyo. Ife a kuno sitinkasowa wotikumbutsa za mathero a munthu wolongolola, pakuti ndende ya Dzaleka idali pafupi pomwepa m'boma la Dowa. Nthawi imeneyi ndiyo bambo adandifunsa mafunso aja, ndipo ndikaganiza lero ndimaona kuti yankho la onse atatu lidali dzina la munthu mmodzi.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, adagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba, ndipo mitembo yawo idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Wailesi idati adachita ngozi ya galimoto akuthawa. A Gadama adali nduna ya chigawo chathu chapakati ndipo anthu ambiri kuno adawaonapo pamisonkhano. Usiku umenewo bambo adazimitsa wailesi osanena kanthu. Kafukufuku yemwe adatsogolera Jaji Michael Mtegha boma litasintha adapeza kuti anthuwa adachita kuphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti omwe adazengedwa mlandu wolamula imfazo khoti lidawamasula mu Disembala 1995.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idatsekula pakamwa pa anthu, ndipo pa 14 Juni 1993 tidakavota pa riferendamu. M'dziko lonse anthu 63 pa 100 aliwonse adasankha nyali ya matipate, koma chigawo chapakati, kuphatikizapo Dowa ndi Ntchisi, chidakakamira tambala wakuda. Sindibisa, bambo anga adavotera tambala, ine nyali. Iwo ankati tambala ndiye adathetsa chitaganya ndipo ankaopa kuti zipani zambiri zibweretsa nkhondo ngati ya ku Mozambique, yomwe idadzaza dziko lino ndi othawa kwawo. Tidakhala sabata yathunthu tikungopatsana moni basi. Kenaka adandiitana nati, "Mwanawe, wapambana. Tsono undiuze mmene bwalo lanu latsopanolo lidzakhalire."

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 mipando idalipo 177. UDF idapeza 85, Malawi Congress 56, AFORD 36. Kwa nthawi yoyamba chipani cholamula chidalibe theka la nyumba, ndipo mpando wa sipikala udapita kwa Rodwell Munyenyembe wa AFORD, chipani chaching'ono pa zitatuzo. Nyumba idasamuka ku Zomba, komwe idatsalira pomwe likulu linkapita ku Lilongwe mu 1975, n'kukakhala m'nyumba yachifumu yatsopano yomwe Kamuzu adamangitsa ku Lilongwe. Mu 1999 mipando idafika 193, ndipo inayi mwa iyo idali ya Ntchisi. Pa chisankho cha 2025 idakwera kufika 229.

Malamulo oyendetsera dziko omwe adayamba kugwira ntchito mu 1994 ndiwo amafotokoza kakhalidwe ka bwaloli. Aphungu akalumbira amasankha mmodzi mwa iwo kukhala sipikala, ndi achiwiri ake awiri. Sipikala sangakhale nduna, ndipo ngakhale adalowa m'nyumbamo kudzera m'chipani, lamulo limati chipanicho chisamulamule pa ntchito yakeyo. Savota pokhapokha mavoti afanana, ndipo kuti achotsedwe pafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Kudzanja lake lamanja kumakhala a mbali ya boma, motsogozedwa ndi nduna yomwe imakhala mtsogoleri wa zokambirana, udindo womwe Richard Chimwendo Banda wa ku Dowa adaugwira kuyambira 2020 mpaka 2025. Kumanzere kumakhala otsutsa boma ndi mtsogoleri wawo. Chipani chilichonse chimakhala ndi mkulu wosungitsa mwambo, woonetsetsa kuti aphungu ake afika ndipo avota mogwirizana. Akuluakulu amenewa amakumana ndi sipikala m'komiti yokonza zoti zikambidwe, ndipo nkhani yomwe sidalowe pa ndandanda yawo imatha kugona miyezi. Palinso mlembi wa nyumbayi, yemwe si phungu koma wogwira ntchito wosunga zolembedwa zonse ndi kulangiza sipikala pa za malamulo a kayendetsedwe ka zokambirana.

Ntchito yambiri imachitikira m'makomiti, komwe kulibe makamera ambiri. Pali komiti yoona za bajeti, ya zamalamulo, ya chitetezo, yoona anthu osankhidwa m'maudindo akuluakulu, ndi yolondola momwe ndalama za boma zayendera, yomwe mwamwambo wapampando wake amachokera ku mbali yotsutsa. Lamulo lisadakhale lamulo limatchedwa bilu. Imawerengedwa koyamba, pa kuwerenga kwachiwiri aphungu amakambirana mutu wake, kenaka amaisanthula ndime ndi ndime, n'kuiwerenga kachitatu. Ikadutsa imapita kwa Pulezidenti yemwe ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze ndi zifukwa. Akaibweza, aphungu n'kuivomerezanso, sangakanenso. Kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndipo ndime zina sizisinthidwa popanda kufunsa anthu pa riferendamu. Ndipo boma silingatolere msonkho watsopano kapena kugwiritsa ntchito ndalama za chaka popanda chilolezo cha nyumbayi.

Nditawafotokozera zonsezi bambo adagwedeza mutu mosonyeza kukhutira, koma adagwira mfundo ziwiri zomwe zidawasangalatsa koposa. Yoyamba idali gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yomubweza phungu wawo nthawi yake isadathe ngati sakuwatumikira. Yachiwiri idali nyumba yachiwiri yotchedwa Seneti, ya anthu 80, momwe mukadakhala mfumu imodzi yochokera m'boma lililonse, munthu mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo ya boma lililonse, ndi anthu 32 oimira amayi, olumala, alimi, amalonda, ogwira ntchito, azipembedzo ndi ena. Bambo ankawerenga mafumu athu pazala, a Kalumo, a Kasakula, a Chikho, a Nthondo, a Chilooko, n'kumati mmodzi mwa iwo akakhala kumeneko anyamata aja sadzathamanga ndi lamulo, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Zonse ziwirizi sizidaone dzuwa. Gawo 64 aphungu adalichotsa mu 1995, ati anthu oipa mtima angamaligwiritse ntchito posokoneza anzawo. Seneti adayamba aichedwetsa, kenaka mu 2001 adaifafaniza, ati dziko losauka silingakwanitse nyumba ziwiri. Zifukwazo zidali ndi mutu wake, koma ogamula mlanduwo adali omwewo amene lamulolo likadawaluma. Pa bwalo la kumudzi, mwini mlandu sakhala pa mpando wogamula. Bambo atamva za Seneti adangoti, "Khoswe wakhala pamkhate."

Komabe nyumba yomweyi idasonyeza kuti ili ndi mano. Pa 4 Julayi 2002, a Sam Mpasu ali sipikala, phungu wa AFORD Khwauli Msiska adabweretsa bilu yoti Pulezidenti aziima kangapo konse momwe angafunire, zomwe zikadapatsa Bakili Muluzi mpata wopitiriza. Biluyo idapeza mavoti 125, otsutsa 59, koma pankafunika 128. Idagwa ndi mavoti atatu okha. Atsogoleri ena a zipani zotsutsa adaivomereza, koma aphungu wamba angapo, ena a chipani cholamula chomwe, adakana. Mipingo, mabungwe ndi ophunzira adali atafuula kunja, koma pomaliza nkhaniyo idathera pa chiwerengero cha m'nyumbamo. Bambo adali atafooka kale nthawi imeneyo. Adamwalira chaka chotsatira, atamva ndi makutu awo bwalo la dziko likukaniza mfumu chomwe inkafuna.

Zaka zotsatira zidayesa mpando wa sipikala koposa kale. Bingu wa Mutharika adapambana mu 2004 kudzera mu UDF, mu Febuluwale 2005 adachokamo n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri adamutsatira. Gawo 65 limati phungu wosiya chipani chomwe adasankhidwira n'kulowa china choimiridwa m'nyumbamo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Mu Juni 2005, mkangano wa njira yochotsera Pulezidenti uli mkati, a Munyenyembe, omwe adali atabwereranso pa mpandowo, adakomoka ali pantchito m'nyumbamo ndipo adamwalira patapita masiku ochepa ku South Africa. A Louis Chimango adalowa m'malo mwawo n'kupeza moto womwewo. Mu Juni 2007 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti gawo 65 ndi lovomerezeka. Otsutsa adati sakambirana za bajeti mpaka sipikala agwiritse ntchito gawolo, boma lidati bajeti iyambe, ndipo ziletso za kukhoti zidamanga manja a sipikala. Chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julayi, koma bajeti ya chaka chimenecho idadutsa mu Sepitembala.

Kuno kumapiri nkhaniyo sidali ya pawailesi chabe. Makuponi a feteleza wotsika mtengo adali mu bajeti yomweyo, ndipo mlimi wa ku Malomo kapena ku Mponela amadziwa kuti feteleza wofika mvula itagwa kale ndi wa chaka chamawa. Ndidamva amayi ena pachigayo akutukwana gawo 65 ngati munthu. Koma ndidamvanso mkulu wina akunena kuti iye adavotera munthu wovala mtundu wina wa nsalu, ndipo sadafunsidwe pomwe munthuyo ankasintha. Onsewo adali ndi mfundo. Wina ankateteza nkhokwe yake, wina voti yake, ndipo nyumba yomwe idayenera kuteteza zonse ziwiri idaziika pa mpikisano.

Nyumba yomwe aphungu amakumanamo lero ku Lilongwe idatsegulidwa mu 2010. Ntchito yomanga idayamba ndi thandizo la Taiwan ndipo idamalizidwa ndi China, dziko lino litasintha ubale. Mu 2012 ndidatenga ophunzira anga a Fomu 4 kukaona zokambirana. Tidakhala m'mwamba mwa alendo. Tidaona msilikali wa nyumbayi akulowa atasenza ndodo yonyezimira ya ulamuliro, pambuyo pake a Henry Chimunthu Banda atavala mkanjo, aphungu onse n'kuimirira. Ndodoyo ikapanda kukhala pa tebulo, nyumba sikhala kuti yakumana. Ndidaona sipikala akukhazika pansi nduna yomwe idadula mnzake pakamwa, ndipo ndidakumbuka bambo pansi pa mkuyu. Ntchito yake idali yomweyo. Koma tikutuluka mtsikana wina adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, agogo anga atabwera muno angamvepo chiyani?"

Funso limenelo ndi lolemera. Gawo 51 limati wofuna kukhala phungu akhale nzika ya zaka 21 kapena kuposerapo, yolembedwa m'kaundula wa ovota, ndipo yodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Mayeso a nthawi ya Kamuzu adapita, koma mpanda wake udatsala. Munthu ngati bambo anga, yemwe adagwira bwalo kwa zaka zoposa 40 popanda mlandu kumuthawa m'manja, sakadaloledwa ngakhale kupereka dzina lake. Ndikudziwa kuti dziko lino lili ndi zilankhulo zambiri, ndipo Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Msena ndi Mtonga sangakondwe kuti Chichewa chokha chilowe m'malo mwa Chingerezi. Koma ku Tanzania aphungu amakambirana m'Chiswahili, ndipo ku South Africa phungu amalankhula chilankhulo chake omasulira n'kuthandiza ena. Malamulo athu omwe amalola nyumbayi kuonjezera zilankhulo zina ikafuna. Chosowa ndi kufunako.

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti phungu wa kumudzi alibe mphamvu. Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, Boniface Kadzamira, yemwe adalowa m'nyumbamo ngati woima payekha, adaimirira n'kunena kuti dziko lino liganizire zolima chamba cha mafakitale, poti fodya akutha mphamvu pamsika. Anzake adamuseka. Iye sadaleke, nkhaniyo idapita m'makomiti, ndipo mu Febuluwale 2020 nyumba idavomereza lamulo lolola kulima mbewuyi pa ntchito za mankhwala ndi za mafakitale, iye atachoka kale pa uphungu. Kaya wina amagwirizana nalo lamulolo kaya ayi, nkhaniyi imasonyeza kuti mfundo yochokera kumapiri kuno ingathe kuyenda njira yonse mpaka kusainidwa.

Mu Juni 2019 aphungu adasankha Catherine Gotani Hara wa ku Mzimba kukhala sipikala woyamba wamayi, ndi mavoti 97 pomwe Esther Mcheka Chilenje adapeza 93. Adachokera ku mbali yotsutsa. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo nyumba yomwe ankaitsogolera ndiyo idakhazikitsa tsiku la chisankho chatsopano, 23 Juni, ngakhale kuti Peter Mutharika adali atakana kusainira mabilu okonza zisankho. Chisankho cha 2025 chitatha, mpandowo udapita kwa Sameer Suleman. Ndikawerenga mayina kuchokera pa bwanamkubwa wa 1908 kufika apa, ndimaona kuti ulendo tayenda.

Tsono ndibwerere ku mafunso a bambo. Loyamba ndingawayankhe mosadodoma: bwalolo amaligwira sipikala, wosankhidwa ndi anzake, yemwe mtsogoleri wa dziko sangamuchotse. Lachiwirinso ndingayankhe: adawatuma ndife, amuna ndi akazi omwe, olemba ndi osalemba, aliyense wa zaka 18. Lachitatu ndilo limandivutabe. Phungu akalakwa timadikira zaka zisanu, ndipo n'zoona kuti pa chisankho chilichonse ambiri sabwererako. Koma zaka zisanu ndi zokolola zisanu, ndipo mwana yemwe adali Sitandade 4 amakhala atamaliza pulayimale. Pakati pa zaka zimenezo ife eni timam'funa phungu pa bokosi la maliro, pa fizi ndi pa mpira wa anyamata, ndipo chiyambire thumba la chitukuko cha m'madera mu 2006 timamuyeza ndi milatho ndi zitsime. Sindidamvepo munthu pamsonkhano kuno akumufunsa kuti ali m'komiti iti, kapena kuti adavota bwanji pa bajeti ya mankhwala. Inenso, mphunzitsi wa mbiri, ndidapitapo kwa phungu wina kukapempha malata a sukulu, ndipo za mavoti ake sindidafunse.

Wailesi ya amalume ija idafa kalekale, koma ndidaisunga pamwamba pa kabati. Adzukulu anga amamvera zokambirana za aphungu pa foni, ndipo tsopano ndiwo amandiuza zomwe zachitika ndisadamve. Tsiku lina ndidawafunsa mafunso atatu omwe aja. Awiri oyambawo adayankha msangamsanga. Pa lachitatu adayang'anana, wamkulu n'kunena kuti, "Agogo, limenelo silidabwere pa mayeso." Ndidawauza kuti akalifunse kwa aliyense amene adzabwere m'mudzi muno kudzapempha voti.